Wisiki wa laisensi ndi wotcheza mobisa: kusiyana kuli mumphika kapena kukhoti?

Kamwendo_77

Moni nonse. Funso langa lili pawiri, mundikhululukire ngati ndasakaniza nkhani. M'mbiri ya wisiki wa ku Scotland ndi ku America muli anthu ambiri amene anamangidwa chifukwa chotcheza popanda chilolezo, pomwe anzawo ena otcheza mowa womwewo mayina awo lero ali pamabotolo odula. Kodi pakapangidwe pali chimene fakitale ya laisensi imachita, choti wotcheza mobisa sakanatha? Ndikufuna tsatanetsatane, osati zongomva. Chachiwiri, malamulo amenewa ankateteza womwa kapena ankateteza msonkho ndi anthu andalama?

Mlauzi

A Kamwendo, tiyambe ndi mphika, zakukhoti abwera nazo ena.

Wisiki wa chimera wa ku Scotland amafuna zinthu zitatu basi: balere, madzi ndi yisiti. Balere amamuviika masiku awiri kapena atatu, akumutsanula madzi nthawi ndi nthawi kuti apume, kenako amamusiya kuti amere masiku ngati asanu. Akangotulutsa timizu amamuumitsa msanga, chifukwa mukachedwa mbewuyo imadya yokha sitachi amene mukumufunayo. Ngati poumitsapo asonkhezera peat, lomwe ndi dothi lakuda la zomera zowolerana m'madambo, utsi umakakamira pachimera. Utsiwo amauyeza mu ppm, kutanthauza magawo angati pa miliyoni. Chimera cha Laphroaig ndi Ardbeg, mafakitale a pachilumba cha Islay, chimakhala cha m'ma 40 mpaka 55, pamene mafakitale ambiri a kudera la Speyside amagwiritsa chopanda utsi kapena cha utsi wochepa kwambiri.

Pogaya salola kuti chisalale. Muyezo wake ndi pafupifupi 70% misere, 20% mankhusu ndi 10% ufa. Mankhusuwo si zinyalala ayi, ndiwo sefa. Ufa ukachuluka phala limamata ndipo madzi satsika, ukachepa shuga wambiri amatsalira m'masese. Madzi oyamba amathira kuti phalalo likhale pa madigiri 63 kapena 64, pomwe ma enzyme a m'chimera amasandutsa sitachi kukhala shuga. Likatentha kupyola apo, ena mwa ma enzyme ofunikawo amafa, ndiye mumapeza shuga woti yisiti sangadye. Madzi achiwiri amakhala cha m'ma 75, achitatu amayandikira 90, ndipo achitatuwa amawasunga kuti akhale oyamba a phala lotsatira.

Madzi otsekemerawo sawawiritsa ngati mmene amachitira ofulula mowa wa m'mabotolo. Amangowaziziritsa kufika cha m'ma 18 mpaka 20, n'kuthira yisiti. Pa maola 48 yisiti amakhala atamaliza ntchito yambiri, mowa uli pa 8% kapena kuyandikira apo. Amene amadikira maola 70, 90 kapena kupyola 100 amakhala akupereka mpata kwa mabakiteriya kuti abweretse kafungo ka zipatso. Chotengeracho chikatentha kupyola 35, yisiti amafooka ntchito isanathe.

Kutcheza n'kawiri. Mphika woyamba umatulutsa mowa wa 20 mpaka 25%. Vuto lake ndi thovu: moto ukachuluka limakwera pakhosi pa mphika n'kudutsira mupaipi, n'chifukwa chake pakhosipo pamakhala kawindo kagalasi. Mphika wachiwiri ndi pamene pagona luso. Choyamba kutuluka ndi mutu, wakali, wonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, komanso wotsuka mafuta amene anatsalira m'paipi ulendo wapitawo. Mukauthira madzi umachita mbuu. Ukasiya kuchita mbuu ndiye mtima wayamba, cha m'ma 72 mpaka 75%, ndipo amautunga mpaka utatsika kufika pakati pa 65 ndi 60%. Chotsala ndi mchira. Mutu ndi mchira sizitayidwa, zimabwerera mumphika ulendo wina. Mukadula mochedwa, wisiki amamveka katoni yonyowa. Mukadula msanga, amapepuka ndipo utsi wa peat umachepa, poti utsi wambiri umabwera chakumapeto.

Mphika uyenera kukhala wa kopa chifukwa kopa amagwira salufa, amene akanapangitsa mowa kununkha mazira owola kapena kabichi wowiritsa. Khosi lalitali, monga la miphika ya fakitale ya Glenmorangie lomwe limapyola mamita 5, limabweza nthunzi yolemera ndipo mowa umatuluka wopepuka. Kuthamangitsa moto kumachepetsa nthawi imene nthunzi imakhudzana ndi kopa.

Zonsezi munthu waluso akanatha kuchita kuphiri ndi kamphika kake. Chimene sakanatha ndi kudikira. Lero mowa umalowa mumgolo wa mtengo wa oak nthawi zambiri pa 63.5%, ndipo malamulo a 2009 amati ukhalemo zaka zosachepera zitatu, ku Scotland komweko, mumgolo wosapyola malita 700, ndipo ulowe m'botolo pa 40% kapena kuposa. Chaka chilichonse pafupifupi 2% imauluka. Munthu wothawa akuluakulu a msonkho sangasunge umboni womumangitsa kwa zaka zitatu, amagulitsa mawa lomwe. Koma musaiwale kuti lamulo lokakamiza kusunga linabwera mochedwa, mu 1915, n'kukhala zaka zitatu mu 1916. M'zaka za m'ma 1820 ngakhale wa laisensi ankagulitsa wambiri ali wosakhwima.

Nachisale

A Mlauzi afotokoza bwino, ndipo chiganizo chawo chomaliza ndi pamene ndiyambire. Pa nthawi imene anthu ankamangidwa kwambiri ku Scotland, mowa wa mobisa ndi umene unali wabwino, ndipo anachititsa zimenezo ndi malamulo enieniwo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 boma linkalipiritsa mafakitale a kuchigwa msonkho potengera kukula kwa mphika, osati kuchuluka kwa mowa wotuluka. Eni mafakitale anapeza nzeru: anapanga miphika yosaya, yotambalala ngati mbale, n'kumaitcheza mothamanga kambirimbiri pa tsiku. Mukumbukire zimene a Mlauzi anena za moto ndi kopa, mudziwa mowa umene unkatuluka. Komanso poti chimera chinali ndi msonkho wake, a laisensi ankasakaniza mbewu zosamera. Wa kumapiri sankalipira msonkho wa chimera, ankatcheza pang'onopang'ono, ndiye wake ankafunidwa mpaka m'mizinda. Nkhani yodziwika ndi yakuti Mfumu George IV itafika ku Edinburgh mu 1822 inaitanitsa wisiki wa ku Glenlivet, dera la kumapiri, pomwe kuderalo kunalibe ndi mmodzi yemwe wa laisensi.

Onani mmene khomo linatsekedwera. Mu 1781 kutcheza kwa pakhomo kunaletsedwa. Mu 1814 lamulo linafuna kuti mphika wa kumapiri ukhale wa magaloni osachepera 500. Mlimi wa lendi amene akulima balere pakamunda ka miyala angaupeze kuti mphika wotero? Sikuti anthu anasankha kuphwanya lamulo pamene njira yomvera inalipo. Njirayo inali ya anthu a mpamba okha.

Kukhoti nako kunali zake. Milandu ya msonkho inkaweruzidwa ndi ma Justice of the Peace, oweruza milandu ing'onoing'ono a m'madera, ndipo ambiri mwa iwo anali eni malo omwewo amene lendi yawo inkalipiridwa ndi ndalama za wisiki wa mobisa. Balere wa m'minda yawo msika wake unali womwewo. Ndiye ankagamula chindapusa chochepa kwambiri poyerekeza ndi cholembedwa m'lamulo. Wina anganene kuti chinali chifundo, koma ine ndimaona kuti woweruza amene ali ndi gawo pa mlandu ndi vuto ngakhale atagamula mofewa, chifukwa kufewako kumadalira kuti iwe ndiwe wa ndani. Mwini malo ankadya nawo phindu koma dzina lake silinkalembedwa pa samani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mbali inayi, ogwira ntchito za msonkho ankalandira gawo la katundu wolandidwa ndi la chindapusa, choncho kutheratu kwa malondawa sikukanawakomera.

Mu 1822 zilango anazikhwimitsa. Koma chimene chinasintha zinthu ndi lamulo la 1823: laisensi ya mapaundi 10 pa chaka, mphika wa magaloni osachepera 40, msonkho wa pagaloni n'kutsitsidwa kwambiri. Chaka chimenecho milandu ya kutcheza mobisa inali pafupifupi 14,000, pofika 1834 inali yosakwana 700. George Smith wa ku Glenlivet anatenga laisensi mu 1824, ndipo anzake akale anamuopseza kuti amuotchera fakitale, mpaka ankayenda ndi mfuti ziwiri. Mowa sunasinthe pakati pa 1823 ndi 1824. Chinasintha ndi pepala.

Ku America nkhani ndi yofanana, koma kumeneko chokondera chinaonekera poyera pa kayendetsedwe ka mlandu. Msonkho wa 1791 wa Alexander Hamilton, nduna ya zachuma, unkalola wotcheza wamkulu kulipira ndalama imodzi ya chaka chonse malinga ndi mphika, ndiye akamatcheza osapuma mtengo wa pagaloni unkatsika. Mlimi wotcheza nyengo imodzi pa chaka ankalipira zambiri pagaloni, ndiponso ankafunika ndalama yeniyeni kudera kumene wisikiyo ndi amene ankagwira ntchito ngati ndalama. Choŵaŵa kwambiri chinali chakuti woimbidwa mlandu kumadzulo kwa Pennsylvania ankayenera kukaonekera kukhoti la feduro, kutanthauza la boma lalikulu la dziko lonse, ku Philadelphia, ulendo wa mamailosi pafupifupi 300 kudutsa mapiri. Ngakhale upambane mlandu, ulendo wokhawo wakulanga kale. Nyumba ya malamulo inasintha zimenezi mu June 1794 kuti milandu izimvedwa m'makhoti apafupi, koma masamani oposa 60 amene David Lenox, wopereka masamani wa boma la feduro, anapita nawo mu July anali olembedwa pa lamulo lakale. Nyumba ya John Neville, mkulu wa msonkho kuderalo, inatenthedwa. Pulezidenti George Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000. Mwa anthu ngati 20 amene anatengeredwa ku Philadelphia, awiri okha, Philip Wigle ndi John Mitchell, ndi amene anapezeka olakwa pa mlandu woukira boma, ndipo Washington anawakhululukira. Atsogoleri enieni sanali pakati pawo. Msonkhowo unachotsedwa mu 1802.

Bambo_Gondwe

Mayi Nachisale, mbiri mwaiyala bwino, koma ndikuopa kuti owerenga angatuluke ndi maganizo akuti malamulo onse a mowa ndi msampha wa osauka. Ayi. Ena amatetezadi womwa, ndipo tiwasiyanitse.

Choyamba tichotse bodza lofala lakuti kutaya mutu ndiko kumachotsa methanol, mtundu wa spiriti wa poizoni. N'zoona kuti methanol amawira pa madigiri 64.7 ndipo ethanol, yemwe ndi mowa womwedwawo, pa 78.4, koma zikasakanikirana ndi madzi sizituluka pamzera choncho, methanol amapezeka mpaka kumchira. Mwayi wake ngwakuti mowa wa mbewu uli ndi methanol wochepa kwambiri, poti amachokera ku pectin wa m'zipatso. Anthu akafa kapena kuchita khungu ndi mowa wa mobisa, kawirikawiri wina anathiramo spiriti wa m'mafakitale kuti achulukitse. Ngozi ina ndi mtovu: otcheza mobisa a ku America ena ankagwiritsa rediyeta ya galimoto poziziritsa nthunzi, ndipo mtovu wowotcherera nawo unkasungunukira mumowa. Zimenezi lilime silimva. Apa ndi pamene lamulo lili ndi ntchito.

Chitsanzo cha lamulo labwino ndi Bottled-in-Bond Act ya 1897 ya ku America. Nthawi imeneyo ogulitsa ena ankatenga spiriti wamba n'kumupaka mtundu ndi shuga wopserera, madzi a fodya ndi zina, n'kumutcha wisiki wakale. Lamulolo linati botolo lokhala ndi chidindo cha boma likhale la fakitale imodzi, nyengo imodzi, losungidwa zaka zosachepera zinayi m'nyumba yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo likhale pa 50%. Silinamange mlimi aliyense, linangopatsa wogula chizindikiro chodalirika.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa nthawi yoletsa mowa ku America, kuyambira 17 January 1920 mpaka 5 December 1933. Lamulo loyendetsa chiletsocho, la Volstead, silinaletse kumwa mowa umene munthu anagula kale n'kusunga m'nyumba mwake, ndiye wandalama anadzaza chipinda chapansi lamulo lisanayambe. Dokotala ankaloledwa kulembera wodwala painti imodzi ya wisiki masiku 10 aliwonse, ndipo makampani asanu ndi limodzi anapatsidwa chilolezo chogulitsa wisiki wa mankhwalayo. Wosakwanitsa kulipira dokotala ndi famase ankamwa spiriti wa m'mafakitale wobedwa, amene boma lenilenilo linalamula kuti athiridwe methanol wochuluka cha m'ma 1926 ndi 1927.

Ikani milandu iwiri iyi pamodzi. George Remus, loya amene anagula mafakitale a wisiki n'kumadzibera yekha mowa wa mankhwala, anagwira ukaidi zaka ziwiri pa mlandu wa mowa. Mu 1927 anapha mkazi wake Imogene pomuwombera ku Cincinnati anthu akuona, anadziimira yekha kukhoti, ndipo anamasulidwa pa chifukwa cha misala, kuchipatala cha amisalako n'kukhalako miyezi yochepa. Mu 1928 ku Michigan, Etta Mae Miller, mayi wa ana 10, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse atagulitsa mowa wochepa, chifukwa unali mlandu wake wachinayi. Mu 1929 lamulo la Jones linakwezanso chilango cha feduro kufika zaka zisanu ndi madola 10,000.

Milandu itasefukira, makhoti anayamba kukhala ndi masiku oti anthu avomere mlandu mwaunyinji posinthana ndi chindapusa chochepa. Ndipo zigamulo ziwiri zikuluzikulu za Khoti Lalikulu la America pa mphamvu za apolisi zinachokera ku milandu ya mowa: Carroll mu 1925, chololeza kusecha galimoto popanda chikalata cha khoti ngati pali chifukwa chomveka, ndi Olmstead mu 1928, chololeza umboni womvetsera lamya mobisa. Cha Olmstead chinagwetsedwa mu 1967, cha Carroll chikugwirabe ntchito.

A masuti nawo ankagwidwa nthawi zina. Abale a Pattison a ku Leith ku Scotland, amene kampani yawo ya wisiki inagwa mu 1898 n'kugwetsa ena ambiri, anapezeka olakwa pa chinyengo mu 1901. Robert analandira miyezi 18, Walter yosakwana chaka.

Kamwendo_77

Zikomo kwambiri nonse. Chatsala chimodzi: ngati nkhani yafika kukhoti yakuti botolo ndi lachinyengo, umboni wa katswiri wolawa ungadaliridwe?

Namoyo

Pawokha ayi, a Kamwendo, ndipo akatswiri enieni amavomereza zimenezo.

Osakaniza wisiki m'makampani amagwiritsa mphuno kuposa lilime. Amathira madzi mpaka mowa utsike kufika pafupifupi 20%, chifukwa pa 40% kapena kuposa ukali wake umachititsa dzanzi mphuno ndipo fungo lenileni limabisika. Tambula yake ndi yotupa pansi, yopapatiza kukamwa. Poyesa kunyumba, thirani mamililita 20 mpaka 25, musiye mphindi zingapo, nunkhizani kukamwa kuli kotsegula pang'ono osalowetsa mphuno mkati, lawani kadontho, kenako onjezani madzi pang'onopang'ono ndi kasupuni. Ayezi amatseka fungo. Yambani ndi wopepuka, wa utsi akhale womaliza, chifukwa ukatsogoza wa ku Islay onse otsatira amveka utsi. Mukapyola matambula asanu kapena asanu ndi limodzi, zimene mukulemba n'zongopeka.

Chimene chimapusitsa kwambiri ndi maso. Malamulo a ku Scotland amalola kuthira karamelo wa E150a kuti mtundu ufanane, choncho kudera si umboni wa zaka. Munthu akaona mowa wofiirira kwambiri, kapena akauzidwa mtengo, mphuno imatsatira zimene wauzidwazo. N'chifukwa chake poyesa mwaukatswiri amagwiritsa matambula a buluu obisa mtundu, olembedwa manambala osati mayina. Pofuna kudziwa ngati mowa uwiri ukusiyanadi amaika matambula atatu, awiri ofanana, n'kufunsa kuti losiyana ndi liti. Wongolota amakhoza kamodzi pa katatu, ndiye pamafunika olawa ambiri kapena maulendo ambiri kuti zotsatira zikhale ndi tanthauzo. Ndipo wogawa matambulawo asadziwe yankho, chifukwa nkhope yake ingaulule.

Mfundo yomaliza ija ndi yomweyo imene imavuta pa perete wa apolisi wozindikiritsa woganiziridwa. Wapolisi amene akudziwa woganiziridwayo akhoza kutsogolera mboni osafuna, ndi diso chabe kapena mawu akuti "yang'ananinso bwino". N'chifukwa chake njira yolimbikitsidwa ndi yakuti woyendetsa perete asamudziwe, oimikidwa nawo afanane ndi mmene mboni inafotokozera, mboni iuzidwe kuti wolakwayo mwina palibe, ndipo ilembedwe nthawi yomweyo kuti ikutsimikiza motani. Scotland ili ndi chitsanzo chake: Oscar Slater, Myuda wochokera ku Germany, anaimikidwa pakati pa apolisi ovala wamba ndi ogwira ntchito za njanji a ku Scotland, mboni zina zitaona kale chithunzi chake. Anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu 1909, anatuluka mu 1927, chigamulo n'kufafanizidwa mu 1928. Kuli ngati kuika tambula imodzi yakuda pakati pa zoyera n'kufunsa kuti yachilendo ndi iti.

Pa botolo lachinyengo, umboni wolimba umachokera ku labotale. Makina a gas chromatography amaonetsa kuchuluka kwa mitundu ya mowa wolemera, ndipo mlingo wake umasiyana pakati pa wisiki wa chimera, wa mbewu zina ndi spiriti wamba wopakidwa mtundu. Amayang'ananso zochokera kumtengo monga vanillin ndi syringaldehyde: mgolo umazipereka pamodzi pa mlingo wodziwika, pamene wachinyengo wothira vanila wa m'sitolo amakweza chimodzi chokha. Pa zaka amagwiritsa carbon-14. Mabomba a nyukiliya oyesedwa m'mlengalenga m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960 anachulukitsa carbon-14 mumpweya, ndipo balere aliyense womera pambuyo pake ali ndi chizindikirocho. Botolo lolembedwa 1900 likapezeka nacho, mlandu watha. Mu 2018 labotale ya SUERC ku East Kilbride inayeza mabotolo 55 a wisiki wakale wodula, 21 anapezeka achinyengo kapena osagwirizana ndi chaka cholembedwa.

Mlauzi

Kuwonjezera pang'ono pa za a Namoyo, kuti wina asaimbe mlandu botolo losalakwa. Wisiki akachita mbuu mutathira madzi ozizira kapena ayezi, si chizindikiro cha chinyengo. Ndi mafuta achilengedwe amene amasungunuka bwino mowa ukakhala pa 46% kapena kuposa, n'kuonekera ukatsika. Makampani ambiri amaziziritsa wisiki kufika pafupi ndi madigiri 0 n'kumusefa asanamuike m'botolo kuti izi zisachitike, ena amasiya dala n'kulemba pa lebulo. Zoyenera kukayikira ndi chitsekero chimene mphete yake yaduka kale kapena yamatidwa, mulingo wa mowa wosiyana pa mabotolo a katoni imodzi, ndi nambala ya fakitale yofufutidwa pagalasi. Mukapeza lotere musalawe pofuna kutsimikiza, poti methanol samveka pakamwa ndipo zizindikiro zake zimatha kuchedwa maola 12 mpaka 24. Lisungeni ndi chitsekero chake ndi lisiti, chifukwa labotale imafuna botolo lenilenilo.